Kambalame ka ku Thyolo ndi lemur wa ku Madagascar: ali pafupi ndi manda ndani?

Nabanda: Odi a pagulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi pempho. Ana anga a kalabu ya zachilengedwe ndinawauza kuti Lachisanu adzafananitse zamoyo ziwiri zomwe zili pangozi yoti zitha kutheratu, china chouluka, china choyamwitsa. Ndimayesa asankha njovu ndi nkhwazi monga mwa masiku onse. Koma mtsikana wina wa Fomu 3 wanditulukira ndi Thyolo alethe ndi ring-tailed lemur, akuti anazipeza pa foni ya achimwene ake. Ine ndine wobadwira ku Luchenza, koma mbalame yotchedwa dzina la boma langa sindinaionepo. Ndipo wandiponyera funso: akuti popeza pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi lemur ali pa Endangered pomwe mbalameyo ili pa Vulnerable, sitepe yotsikirapo, ndiye kuti yathuyi zake zili bwinoko eti? Ndithandizeni ndisakachite manyazi pamaso pa ana.

Angoni a pa Joni: Lemur ndi kaja ka mchira wa mizeremizere kokhala ngati pusi? Ndinakaona ku zoo kuno. Kanali katakhala tsonga, manja pamaondo, kakuothera dzuwa ngati agogo m'mwezi wa June.

Wa ku Chanco: Eya ndi komweko, koma musakatche pusi, achimwene. Madamu, yambirani pamenepa ndi anawo chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Lemur ndi pusi onse ali m'gulu la Primates, limodzi ndi nyani ndi ife anthu, koma gululi linagawika pawiri kalekale. Mbali ina kuli anyani, apusi ndi ife. Mbali inayo, yotchedwa Strepsirrhini, kuli ma lemur onse, ma loris a ku Asia, ndi changa wathu yemwe amalira usiku ngati khanda. Ndiye mbale wa lemur amene tili naye kuno ndi changa. Onsewa mphuno yawo ndi yonyowa ngati ya galu, pafupifupi onse mano akutsogolo a m'munsi anandandalika ngati chipeso ndipo amapesera ubweya, komanso chala chachiwiri chakuphazi chili ndi chikhadabo chokandira. Pusi zimenezi alibe.

Gogo Chisale: Changa ndiye timamudziwa. Ukamuunika ndi tochi maso ake amayaka ngati makala. Kale ku nkhalango ya Chisongeli ku Mulanje tikagona mu tenti samatigonetsa.

Wa Mbalame: Madamu Nabanda, musadandaule, anthu ambiri a ku Thyolo sanaione. Ine ndimaperekeza alendo oonera mbalame ndipo imeneyi imatitulutsa thukuta. Kukula kwake imaposa pang'ono mpheta koma siyifika pa njiwa. Msana ndi wofiirira ngati dzimbiri, nkhope yotuwa, pakhosi poyera mbee, ndipo nsonga za nthenga za mchira zili ndi toyera tomwe umationa ikamathawa. Imakhala pansi pansi mu mdima wa nkhalango yothithikana, siyituluka kumunda kapena mu bulugamu. Kawirikawiri umayamba kumva kamluzu kake kofewa, mwini wake osamuona.

Chinsinsi chake ndi linthumbu. Likamayenda chigulu m'masamba ouma, tizilombo tonse timabalalika: akangaude, mphemvu za m'tchire, tiziwala, nyongolotsi. Mbalameyi imakhala pa kanthambi chapafupi n'kumatola zothawazo. Ine ndikafuna kuionetsa alendo sindiyang'ana m'mwamba ayi, ndimayang'ana pansi kufuna mzere wa linthumbu, kenako timakhala phee n'kudikira. Kulumidwa ndiye kosapeweka.

Angoni a pa Joni: Kkkk munthu kukwera ndege kuchoka ku Ulaya kudzalumidwa ndi linthumbu chifukwa cha kambalame. Ndalama zikachuluka zimasowa kolowera.

Wa Mbalame: Zimalowera kwa ine aise, musadandaule.

Nabanda: Zikomo nonse, ndikulemba. Nanga mayina a sayansi aja? Chamaetylas choloensis ndi Lemur catta. Ana adzandifunsa tanthauzo.

Wa ku Chanco: Auzeni kuti dzina loyamba lili ngati chiwongo, lachiwiri ndi dzina lake la mwini. Chamaetylas ndi chiwongo, ndipo pali mitundu inayi yokha ya mbalame yomwe ili nacho. Umodzi mwa abale akewo, Chamaetylas fuelleborni, wa chifuwa choyera, umapezeka m'nkhalango za m'mapiri a kumpoto kwa dziko lino ndi ku Tanzania. Choloensis ndiye kuti ya ku Cholo, mmene azungu ankalembera Thyolo. Anailemba m'mabuku a sayansi ndi W. L. Sclater mu 1927. N'chifukwa chake mabuku ena mpaka pano amati Cholo alethe.

Lemur catta anamutcha ndi Linnaeus mwini wake mu 1758, yemwe uja anayambitsa kachitidwe ka mayina awiriawiri. Lemures m'Chilatini ndi mizukwa yoyenda usiku, chonsecho uyu wa mchira wa mizereyu ndi woyenda masana. Catta ndi chifukwa choti amalira ngati mphaka. Eni dziko ku Madagascar amamutcha maky. Choti ana achigwire ndi ichi: pa chiwongo cha Lemur watsala yekha, palibenso mtundu wina. Ma lemur enawo ali ndi ziwongo zawo. Akatha iyeyu ndiye kuti chiwongo chonse chafafanizika, pomwe mbalame yathuyi itatha abale ake atatu angatsale.

Che Mlonda: Ndiye mwayankha kale funso la mwana uja. Lemur ndiye wofunika kwambiri.

Wa ku Chanco: Ayi Che Mlonda, ndangonena za chibale. Za ngozi sitinafikeko.

Aphiri a Labu: Ndilowererepo pa za banja, chifukwa pali msampha wina. Mukatsegula buku lakale mupeza alethe ili m'banja la Turdidae ndipo chiwongo chake ndi Alethe. Mukatsegula latsopano mupeza ili mu Muscicapidae, chiwongo Chamaetylas. Onse sanalakwe, aliyense analemba za nthawi yake. Kale ankaona maonekedwe: miyendo yaitali, kudyera pansi, basi n'kuiika pamodzi ndi zofanana nazo. Atayamba kuyeza DNA anapeza kuti kufanana nkhope si ubale. Mbalame zomwe zinkatchedwa Alethe zinapezeka kuti ndi magulu awiri osiyana, ndiye ziwiri zinatsala ndi dzina lakale, zinayi zinasamutsidwa. Dzina la Chingerezi lokha ndi lomwe linakakamira.

Pamwamba pa banja pali gulu la Passeriformes, lomwe lili ndi mitundu yoposa theka la mbalame zonse za padziko. Zala zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo, zogwirira nthambi. M'kati mwake ndi momwe muli mbalame zoimba. Ndipo poti zoimba sakunena kukoma kwa mawu. Akunena kapangidwe ka chiwalo chotulutsira mawu chomwe chili pamphambano ya njira ya mpweya m'chifuwa, chokhala ndi minofu yambiri. Pa chifukwa chimenechi khwangwala ndi mbalame yoimba, pomwe njiwa si yoimba.

Angoni a pa Joni: Khwangwala woimba? Ndiye kuti nanenso ndilowe kwaya, ndakhala ndikudzikayikira pachabe.

Nabanda: Iyi ya khwangwala ndikayambira pomwepo, ana akadzuka. Koma funso lija likadali chiimire. Vulnerable ndi Endangered.

Wa ku Chanco: Chabwino. Mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse lomwe limaunika zamoyo zomwe zili pangozi, uli ngati makwerero. Pansi pali zosadetsa nkhawa, kenako zoyandikira ngozi, kenako masitepe atatu omwe onse pamodzi amatchedwa threatened: Vulnerable, Endangered, Critically Endangered. Pamwamba pake ndi zotsala m'manja mwa anthu mokha, kenako zotheratu. Ndiye mbalame yathu ndi lemur onse ali kale pa masitepe atatu aja, kungoti lemur wakwera limodzi kuposa mnzake.

Koma pokwera masitepewa pali makomo angapo. Khomo lina ndi liwiro la kuchepa: ngati chiwerengero chikugwa ndi 30 pa 100 aliwonse m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu, ndi Vulnerable, 50 ndi Endangered, 80 ndi Critically Endangered. Khomo lina ndi kuchepa kwa dera lomwe chamoyocho chimapezeka, makamaka ngati ladukaduka. Lina ndi chiwerengero cha zazikulu zotha kuswana: zikachepera 10,000 ndipo zikupitirira kutsika ndi Vulnerable, zikachepera 2,500 ndi Endangered. Lemur uyu analowera khomo la liwiro. Mu 2008 anali pa zoyandikira ngozi chabe, mu 2014 anamukweza kufika pa Endangered. Dera lake ndi lalikulu, kummwera ndi kummwera chakumadzulo kwa Madagascar, koma akutha msanga. Vuto la mbalame yathu ndi lina: imakhala pa timitu ta mapiri totalikirana, ngati tizilumba, ndipo pakati pake pali chimanga, tiyi ndi nyumba zomwe siyingadutse.

Wa Mbalame: Ndipo ndionjezere chomwe chimandiwawa ine. Mbalameyi inali pa Endangered kwa zaka zambiri. Kutsika kwake sikunabwere chifukwa choti ife Amalawi tasamala nkhalango. Kunathandizidwa ndi kupezeka kwa zina zambiri kutsidya, ku Mozambique. Kumeneko imapezeka pa Namuli, pa Chiperone, koma makamaka pa phiri la Mabu m'chigawo cha Zambezia. Julian Bayliss, yemwe ankagwira ntchito ya kafukufuku ku Mulanje, anaona kadera kobiriwira pa Google Earth mu 2005, ndipo mu 2008 gulu la akatswiri, kuphatikizapo a zomera a ku Kew ku London, linakalowamo. Anapeza nkhalango ya mahekitala pafupifupi 7,000 ili chilili, alethe ali mbwee. Manyuzi a kunja ankati yatulukiridwa, ngakhale anthu a m'midzi yozungulira ankaidziwa kalekale, ena anabisalamo nthawi ya nkhondo. Ndiye chiwerengero cha dziko lonse chinakwera pa pepala, pomwe kuno kwathu chinali chikugwa. Mwana wanu akamati yathuyi ili bwinoko, muuzeni kuti ili bwinoko kwa aneba.

Gogo Chisale: Mwanena zoona mwana wanga. Ine ndinagwira ntchito ya nkhalango zaka zambiri ndisanapume, ndipo zomwe ndinaona ndi maso ndi izi. Phiri la Thyolo, komwe dzina la mbalameyi linachokera, linali ndi nkhalango yoti masana umayenda ngati madzulo. Lero ukaima pa msewu ukuona minda mpaka pamwamba. Soche, Ndirande, Bangwe, Malabvi, onsewa anali ndi zipewa za mitengo pamutu, ndipo m'ma 1980 katswiri wa mbalame, a Dowsett-Lemaire, atayenda m'mapiri amenewa ankailemba mbalameyi. Pitani lero pa Ndirande mukaone. Chisongeli, kumunsi kwa Mulanje cha ku Muloza, inali nkhalango yaikulu kwambiri ya mtundu umenewu m'dziko muno. Inadyedwa pang'onopang'ono kuyambira m'ma 1970, kenako othawa nkhondo ya ku Mozambique atabwera anthu anachuluka, aliyense akufuna pobzala chimanga. Sindikuwanena, munthu wothawa mfuti safunsa za mbalame.

China choti mudziwe: pa Mulanje mbalameyi nyengo yozizira imatsikira m'nkhalango za m'munsi. Ndiye ngakhale mutasunga za pamwamba, mukadula za m'munsi mwaipha ndithu. Ndipo za m'munsizo ndi zomwe nkhwangwa imayambira.

Mayi a Kondwani: Pepani ndilowe ngakhale sindine wa sayansi. Nkhani izi zikamakambidwa nthawi zonse wolakwa amakhala wosauka. Kwathu ndi ku Thyolo komweko, cha ku Thekerani. Malo abwino anatengedwa nthawi ya atsamunda n'kubzalapo tiyi, mpaka lero. Banja la ana asanu ndi mmodzi lili ndi kamunda kosakwana ekala. Mukuti akalime kuti? Anthu anakwera phiri chifukwa pansi panalibe malo. Ndipo makala amene amaotchedwa kumeneko akuphikira ndani? Si ife tomwe tili m'tauni, magetsi akazima? Ine mbaula yanga ili pakhonde pano, sindinama.

Che Mlonda: Apa mwalasa mayi. Ine pa ntchito yanga ya ulonda ndimagwira anthu a matumba awiri pa njinga, koma lole yodzaza imadutsa usiku ndi mapepala ake.

Wa Mbalame: Mayi a Kondwani, sindikutsutsani. Ndipo nkhaniyi ili ndi mbali yowawa: tizidutswa ta nkhalango tomwe tatsala ku Thyolo, momwe ndimakapezamo alethe lero, tambiri tili m'kati mwa minda ya tiyi yomweyo, m'makhwawa momwe eni ake anasiya mitengo ndipo pali alonda. Ndiye mpanda womwe unatsekera anthu kunja ndi womwewo wasunga mbalame. Ine ndikamafotokozera alendo zimenezi ndimasowa poyang'ana.

Wa ku Chanco: Zodabwitsa n'zakuti ku Madagascar nkhani yake ndi yomweyo. Malo otchuka kwambiri a ring-tailed lemur ndi Berenty, m'mbali mwa mtsinje wa Mandrare kummwera. Banja lachifalansa la de Heaulme linalambula dera lalikulu n'kubzala khonje, koma mu 1936 linasiya kachigawo ka nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje. Ndi momwe katswiri wa ma lemur Alison Jolly anayambira kafukufuku wake m'ma 1960, ndipo zambiri zomwe dziko limadziwa za nyamayi zinachokera mmenemo. Kwathu tiyi, kwawo khonje.

Koma kumeneko kuli chitsanzo china chomwe Mayi a Kondwani angachikonde. Ku Anja, pafupi ndi tauni ya Ambalavao, anthu a m'mudzi eni ake ndi omwe anatseka kankhalango ka mahekitala pafupifupi 30 patsinde pa mapiri a miyala, n'kukatsegula kwa alendo mu 2001. Operekeza alendo ndi ana a m'mudzimo, ndalama ya pakhomo imatsala momwemo. Pano muli ma lemur oposa 300, ndipo mu 2012 gulu lawo linalandira mphoto ya Equator Prize ya UNDP.

Mayi a Kondwani: Zimenezo ndiye zomveka. Nanga bwanji kwathu sizichitika?

Aphiri a Labu: Chifukwa lemur amadzigulitsa yekha, mayi. Anja ili m'mphepete mwa msewu waukulu wa RN7 womwe alendo ambiri amadutsa popita kummwera. Munthu amatsika galimoto, mphindi khumi ma lemur ali pamaso pake, mwana ali kumsana kwa make, mchira uli m'mwamba, chithunzi chatheka. Alethe ndi kambalame kofiirira kobisala mu mdima, komwe ungakadikire tsiku lonse osakaona. Okafuna ndi anthu ochepa okonda mbalame zenizeni. Ndalama yawo ingadyetse Wa Mbalame ndi anzake awiri, osati mudzi.

Wa Mbalame: Ngakhale ineyo siyindikwana kkkk. Koma musaiwale kuti obwera ku Mulanje ndi Zomba sabwerera imodzi. Kuli yellow-throated apalis, Apalis flavigularis, yomwe ili pa Endangered ndipo siyipezeka dziko lina lililonse koma Malawi, pa Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Madamu, mwana wanu akanafuna mbalame yofanana sitepe ndi lemur akanatenga imeneyi. Kuli mkungudza wa Mulanje womwe uli pa Critically Endangered. Kuli okwera Sapitwa. Ukaziphatikiza zimalemera.

Angoni a pa Joni: Ine funso langa ndi la ku zoo. Ngati ali mbwee m'ma zoo, akutha bwanji? Kuno ndinaona gulu lonse, ena ali ndi ana.

Wa ku Chanco: Funso labwino, ndipo ndi pomwe yankho la mwana uja lagona. Mwa nyama zonse za gulu la anyani, ring-tailed lemur ndi amene ali wambiri m'ma zoo padziko lonse, oposa 2,000. Amaswana mosavuta, amadya zipatso ndi masamba wamba. Ku America, ku North Carolina, kuli Duke Lemur Center, yomwe inayamba mu 1966, yosunga ndi kufufuza ma lemur. Koma IUCN powerenga siyiwerengera a mu mpanda, imawerenga a kutchire. Cha m'ma 2016 ndi 2017 kunatuluka kafukufuku wonena kuti kutchire angakhale atatsala 2,000 ndi mazana ochepa okha. Akatswiri ena anatsutsa kuti malo ambiri sanawerengedwe ndipo nambalayo yachepa kwambiri. Pa zoti akutha ndiye sanatsutsane.

Tsono taonani kusiyana kwake. Nkhalango za kummwera kwa Madagascar zitati zatha mawa, Lemur catta angatsalebe ndi moyo ku Johannesburg, ku London, ku North Carolina. Ungakhale moyo wa mu mpanda, koma mbewu ilipo. Alethe alibe khola lotere. Mungaisunge bwanji mbalame yomwe chakudya chake chimadalira gulu la linthumbu loyenda m'nkhalango yonyowa? Nyumba yake ikatha, yatha. Ndiye sitepe ya IUCN ikutiuza za liwiro ndi chiwerengero cha kutchire, koma siyikutiuza kuti ndani ali ndi pothawira.

Nabanda: Apa ndiye ndamva. Ndikamuuza kuti sitepe ndi yoona koma siyinena zonse.

Che Mlonda: Ine ndikutsutsabe pang'ono. Lemur ali ndi adani ambiri kuposa mbalameyi. Alethe palibe amene amaisaka kuti akagulitse, mwina ana a legeni basi. Lemur amadyedwa, amagwidwa kukasungidwa m'nyumba ndi m'mahotela kuti alendo azijambulitsa naye. Ndinamva kuti ndi zoletsedwa koma zimachitikabe.

Wa ku Chanco: N'zoona, lamulo la dziko lawo linaletsa kusunga lemur pakhomo kuyambira 1962, ndipo ma lemur onse ali pa Appendix I ya CITES, pangano la mayiko pa malonda a zamoyo zakutchire, kutanthauza kuti malonda ake pakati pa mayiko ndi oletsedwa. Koma anthu amagwirabe tiana, ndipo pogwira kamwana nthawi zambiri make amavulazidwa kapena kuphedwa. Mayi amabereka kamodzi pachaka, kawirikawiri mwana mmodzi, atatenga bere miyezi inayi ndi theka, ndipo ana ambiri safika chaka. Onjezani makala, kutentha tchire pofuna msipu wa ng'ombe, kulambula minda, migodi ya miyala ya safiro cha ku Ilakaka, ndi chilala. Kummwera kwawo kuli njala yomwe amaitcha kere, ya 2021 inamveka dziko lonse. Munthu wa njala mwambo amauika pambali. Mitundu ina ya anthu kumeneko ili ndi fady, zoletsa za makolo, zoti maky sadyedwa, ndipo zinkamuteteza. Koma obwera kuchokera kwina fady imeneyo siyiwakhudza.

Ndipo si iye yekha. Mu July 2020 IUCN inalengeza kuti mwa mitundu 107 ya ma lemur yomwe inaunikidwa, 103 ili pa masitepe atatu aja, 33 mwa iyo pa Critically Endangered. Ena anatha kale anthu atafika pachilumbapo, kuphatikizapo Archaeoindris yemwe kukula kwake kunali ngati gorila.

Gogo Chisale: Zoletsa za makolo nafenso tinali nazo. Nkhalango za kumanda mpaka lero ndi zomwe zatsala m'midzi yambiri, palibe amalowamo ndi nkhwangwa. Ndipo pa Mulanje anthu ankaopa mizimu. Kungoti manda ndi ang'ono, alethe sangakhalemo.

Mayi a Kondwani: Nanga amadya chiyani ma lemur akewo? Kapena amaba chimanga ngati anyani? Chifukwa akakhala akuba ine chisoni changa chichepa.

Wa ku Chanco: Kkkk amalowako m'minda nthawi zina, koma chakudya chawo chachikulu m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje ndi bwemba, mayi. Bwemba yemweyu wa ku Chikwawa ndi ku Mangochi, kwawo amati kily. Amadya zipatso ndi masamba ake omwe, ndipo nyengo zina amafika theka la chakudya chawo. Ndipo muwakonda mukamva izi: gulu limalamulidwa ndi akazi. Pa chakudya wamkazi amayamba, wamwamuna amadikira, akachita matama amamenyedwa khofi. Ana aakazi amakhala m'gulu lomwe anabadwira moyo wawo wonse, aamuna akakula amasamuka kukalowa gulu lina.

Mayi a Kondwani: Chikamwini chenicheni! Ndiye ndi abale athu amenewa, asungidwe ndithu.

Angoni a pa Joni: Ife a chitengwa tatuluka m'nkhaniyi.

Aphiri a Labu: Amunawo ali ndi nkhondo yawoyawo yoseketsa. Ali ndi timatumba ta fungo pa mikono ndi pa mapewa. Amapaka mchira fungolo, kenako amauimika n'kumaukupizira kwa mnzawo mpaka wina athawe. Madamu, imeneyi ikugwirizana ndi phunziro lanu: mphuno yonyowa ija ndi chizindikiro choti mbali iyi ya Primates imadalira kununkhiza kwambiri, pomwe mbali yathu ndi anyani inadalira maso.

Nabanda: Funso lomaliza la ine mwini, osati la ana. Ngati changa ndi mbale wake ndipo ali kuno, lemur anakafika bwanji kutsidya la nyanja? Kapena chilumbacho chinachoka nawo?

Aphiri a Labu: Ayi, chilumba chinachoka kale iwo kulibe. Madagascar anapatukana ndi Africa zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo, ndipo anasiyana ndi India zaka pafupifupi 88 miliyoni zapitazo. Makolo a ma lemur anafika pambuyo pake, zaka 50 mpaka 60 miliyoni zapitazo. Akatswiri ambiri amati anaoloka pa zinyalala za mitengo zokokoloka ndi madzi osefukira kuchoka ku gombe la Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pomwe nyanjayo yapanikizika. Atafika anapeza kulibe anyani olimbana nawo, ndiye anachulukana kukhala mitundu yoposa 100, kuyambira kalemur kakang'ono ka Madame Berthe kolemera magalamu 30 mpaka wamkulu wotchedwa indri.

Che Mlonda: Pa zinyalala? Makilomita 400? Aphiri apa mwatinamiza.

Gogo Chisale: Che Mlonda, munaona zomwe Ruo ndi Shire ananyamula nthawi ya Freddy mu March 2023? Mitengo yathunthu ndi mizu yomwe, zilumba za udzu zikuyenda. Ine sindikayika. Ndipo namondwe yemweyo anayamba wamenya Madagascar mu February asanatipeze ife. Pa Soche pomwe ndanena kuti panali nkhalango ya mbalameyi ndi pomwe matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe. Ndinali ndi mdzukulu kumeneko, anapulumuka, anzake ena ayi. Sindinena kuti mitengo ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa. Koma phiri lija ndinalidziwa lili ndi chipewa.

Mayi a Kondwani: Pepani agogo.

Nabanda: Pepani ndithu agogo. Ana anga ena anataya abale ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndiye mbali imeneyi ndikaigwira mosamala.

Wa Mbalame, kodi zingatheke kuti ana khumi ndi awiri adzaione ndi maso? Tili ndi kandalama kochepa ka kalabu, minibasi tingapeze.

Wa Mbalame: Zingatheke, koma khumi ndi awiri nthawi imodzi ayi, phokoso lake ingathawe mpaka ku Mabu. Tidzawagawa anayi anayi, ena akudikira kumtsinje. Malo abwino ndi nkhalango ya ku Ruo kumunsi kwa Mulanje, ndipo tidzafike kusanatenthe, cha m'ma 6 koloko. Chilolezo cholowera ndikafunsa ine. Sindikulonjeza kuti tidzaiona, kamluzu kokha mwina. Auzeni avale nsapato zotseka ndi sokosi zazitali zolowetsamo buluku, atsikana omwe. Zovala zofiira ndi zoyera asiye kunyumba.

Angoni a pa Joni: Ndipo wina adzajambule Madamu linthumbu likadzawalowa, mudzatiponyere pano.

Nabanda: Inu Angoni, foni ndidzawalanda onse pa geti. Wa Mbalame, ndikuimbirani Loweruka tikambe za tsiku.